Ndimafupikitsa Miyendo ya Alendo

Makina anga ali pakhonde la sitolo ku Kamwala,
pakati pa wogulitsa zingwe za foni ndi mnyamata wopukuta nsapato.
Chikwangwani chimati TELALA,
koma sindikumbuka tsiku lomwe ndinadula nsalu yatsopano.
Ntchito yanga ndi kufupikitsa.
Kutsidya kwa nyanja kuli anthu aatali,
miyendo yawo ndimaidziwa, nkhope ayi.
Amadya bwino: m'chiuno ndimachotsamo zala zinayi.
Wina anaiwala tikiti ya sitima m'thumba la jekete,
ndinaisunga m'kachitini ka mabatani, kaya bwanji.

Bambo anakalambira pa makina oombera nsalu.
Ankabwera ndi thonje m'tsitsi ngati imvi zobwereka,
makutu atagontha, moni tinkachita kukuwa.
Tsiku lomwe geti linamangidwa unyolo
anawapatsa kalata ndi mayadi asanu a khaki.
Kalatayo chiswe chinadya.
Khakiyo ilipo, pansi pa sutikesi,
ikununkhabe mafuta a makina.

Dzulo wailesi ya wopukuta nsapato inati boma likulingalira
zokweza msonkho wa nsalu ndi mabelo olowa pamalire
kuti mafakitale athu apumenso.
Ndinaomba m'manja, singano ili kukamwa.

Madzulo ndinathamangira ku Soweto kwa mng'ono wanga Dailesi.
Ndinamupeza atagwadira belo la salaula,
akupemphera asanadule waya,
poti belo ndi juga:
lero madiresi, mawa makatani obooka.
Nditamuuza, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.
"Iwe Zelipa, fizi ya Tilabilenji unalipira ndiwe?
Fakitale yakoyo isanadzuke, tizidya chiyani, utsi?
Shati yosoka iwe, woyendetsa wilibala aigwirire masiku atatu.
Yanga agula ndi chenji cha basi."
Mawu anandithera.
Ndinagwada nane n'kumuthandiza kusankha,
zabwino pahang'ala, zotsala pamulu wa tolani-tolani.

Malume Yotamu ku Katete akulimabe thonje.
Amati sikelo ya ogula ili ndi njala kuposa mbozi.
Thonje lawo limakwera lole,
mu Lusaka siligonamo,
limapita kunja ngati mwana wa bwana wokaphunzira,
pobwera lamwa kale thukuta la munthu wina,
lili ndi dzina lovuta kutchula pakhosi,
ndipo ine ndimalifupikitsa.

A boma, masamu anu sindiwadziwa,
sukulu ndinalekera panjira.
Chomwe ndidziwa n'chakuti nsalu ukaikoka mbali imodzi
msoko umakwinyika.
Mukweze msonkho, chabwino,
nanga magetsi akamazima kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa,
makina oombera adzayendera chiyani?
Ulusi umene ndikusokerawu ndi wakunja.
Zipi wakunja. Singano yomwe.
Musamuvule Dailesi musanamusokere china.
Komanso musatisiye chonchi,
mtundu wathunthu kukhala pamzere
kudikira kuti wina kutali atope nawo malaya ake.

Usiku sindinagone bwino.
Mvula inkadontha pakona paja pa masiku onse,
ndipo ndinkamva bambo akutsokomola,
chifuwa chija cha fumbi la thonje
chomwe fakitale inawapatsa osalemba m'kalata.

M'mawa uno ndatulutsa khaki ija.
Tilabilenji akuyamba sekondale Lolemba,
wakula, mapewa ngati agogo ake.
Ndayala nsalu, ndayeza, ndalemba ndi choko.
Sizasi yanjenjemera m'dzanja,
yaiwala kulowa m'nsalu yomwe sinavalidwepo.
Kenaka yaluma, khwee,
phokoso lomwe ndinalisowa osadziwa.

Pomwepo wafika kondakitala wa minibasi za ku Chawama,
jinzi ili paphewa, miyendo ikukhwekhwereza pansi.
"Amayi, mundidulireko msanga, basi ikudzaza."
Ndamuloza benchi ndi chibwano.
Wakhala, akung'ung'udza, akuyang'ana wotchi.
Ndidzamudulira, ndalama yake ndikuifuna,
ya makala ndilibe.
Koma ayambe wadikira
ndimalize mwendo umodzi uwu.